Anthu a M'tauni Akacheze Kuti?

Loweruka masana m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, nyumba za malata za ku Ndirande, ku Mbayani ndi ku Kawale zimasanduka ng'anjo. Munthu amene wakhetsa thukuta sabata yonse amatuluka kufuna mthunzi, koma chimene amapeza ndi khonde lopapatiza, ngalande yonunkha ndi mpanda wa mnzake. Ana amasewera mpira wachikulunga mumsewu uku akuzemba njinga zamoto. Uku ndi kulanda anthu mpumulo, ndipo mlanduwu uli pa amene amagawa malo m'mizinda.

Kumudzi vutoli kulibe, pakuti mudzi uliwonse uli ndi bwalo lake patsinde pa mkuyu kapena kachere. Pamenepo amuna amaluka mphasa ndi kusewera bawo, akukambirana za kutentha kwa dzuwa ndi kuchedwa kwa mvula. Alipo ophunzira ena amene amanyoza macheza otere namati ndi nkhani zopanda mutu. Iwowa akulakwa. Munthu amene wayamba ndi kudandaula kuti kwatentha ndi yemweyo amatsiriza ndi kuulula kuti mwana wagona masiku atatu osadya, kapena kuti ufa watha m'nyumba. Anansi amene sanachezepo za dzuwa sadziwana ngakhale maina, ndipo tsiku la maliro amachita manyazi kugogoda pakhomo. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma munthu angazimire bwanji mnzake amene sanakhalepo naye pansi?

Nzoona kuti malo opumulirako alipo, koma ngowerengeka. Pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, okonza mzindawo anasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi kuti mzinda uzipuma. Anachita bwino, komabe mayi wa ku Area 25 wokhala ndi ana anayi sangafikeko popanda kulipira minibasi. Ku Blantyre kuli bwalo la Njamba, limene linalandira namtindi wa anthu pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachita Misa mu 1989. Bwaloli limakumbukiridwa kwambiri pakakhala msonkhano wandale, ngati kuti anthu amayenera kusonkhana pokhapokha wina akufuna mavoti awo.

Amene akukayika kuti anthu ali ndi ludzu la malo otere apite ku Senga Bay pa Khirisimasi kapena pa Chaka Chatsopano. Mchenga suoneka kaamba ka kuchuluka kwa anthu. Ambiri a iwo amasunga ndalama miyezi ingapo kuti apeze tsiku limodzi lokhala pamphepo, chinthu chimene akanayenera kuchipeza kwaulere pafupi ndi kwawo.

Otsutsa amati malo ngochepa, ndiponso kuti sitolo imabweretsa msonkho pamene mtengo subweretsa kanthu. Chodabwitsa nchakuti malo omangapo mabala ogulitsiramo mowa sasowa. Bambo wosowa pokhala Loweruka amathera komweko, malipiro a mwezi n'kutsalira pakauntala.

Tsono makhonsolo a mizinda aleke kugulitsa mabwalo amene atsala. Pogawa mapoloti atsopano, dera lililonse lisiyiridwe bwalo loti mwana n'kufikako wapansi, lokhala ndi mitengo ya mthunzi, mipando, mpopi wa madzi ndi chimbudzi chosamalika.