Wojambula Manda Ayenera Kudekha

M'chaka cha 1974, alimi ena amene ankakumba chitsime pafupi ndi mzinda wa Xi'an ku China anafukula zidutswa za ziboliboli zadothi. Akatswiri atakumba bwino, anapeza asilikali oumba zikwizikwi, aatali ngati munthu, amene anakwiriridwa pafupi ndi manda a mfumu Qin Shi Huang, imene inamwalira m'chaka cha 210 Khristu asanabadwe. Zithunzi za ziboliboli zimenezi zili ndi phunziro kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Mzimba amene amayenda ndi foni yojambulira m'thumba.

Zithunzizo n'zamitundu iŵiri. Wojambula akaima pamwamba pa dzenje, amaonetsa mizere ya asilikali, ndipo woona amazindikira kukula kwa ufumuwo, koma nkhope sizioneka. Akalunjika chiboliboli chimodzi, ndevu zake, mfundo ya tsitsi ndi makwinya a chovala zimaoneka, koma khamu lija limasoŵa. Tsono wojambula wanzeru amayamba wadzifunsa chimene chithunzi chake chiyenera kunena, kenaka n'kusankha poima.

Ku Mzimba kulibe asilikali adothi, koma kuli manda a mbiri. Ku Embangweni, pa mishoni ya Loudon imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, kunaikidwa phulusa la Donald Fraser, mbusa amene anatumikira pakati pa Angoni ndi Atumbuka ndipo anamwalira ku Scotland m'chaka cha 1933. M'midzi yambiri ya m'bomali muli manda a makosi ndi a aphunzitsi oyamba.

Nanga achinyamata amajambula bwanji malo otereŵa? Kaŵirikaŵiri amaunjikana kutsogolo kwa mwala, wina n'kuutsamira, dzina la malemu n'kubisika kumbuyo kwa miyendo. Dzuŵa limakhala kumbuyo kwao, motero nkhope ndi malemba zimada. Mtengo kapena tchalitchi, zimene zikanasonyeza malo, zimadulidwa pakati. Chithunzi chotere chimangonena kuti anthu anafikako. Sichinena amene wagona pamenepo.

Ena anganene kuti chithunzi n'chamwini wake, ndipo aliyense angajambule monga afunira. Koma manda sali ngati msika. Pamudzi munthu saloŵa kumanda popanda chilolezo cha eni mbumba kapena nyakwaŵa, ndipo foni siichotsa mwambo umenewu. Kuwonjezera apo, mvula ndi ndere zimafufuta malemba chaka ndi chaka. Tsiku lina chithunzi chidzakhala mboni yokhayo yotsala, ndipo mboni yobisa dzina ilibe ntchito.

Njira yake siyovuta. Wojambula ayambe wapempha. Afike m'maŵa kapena madzulo, pamene kuŵala kumagwa cham'mbali ndi kuonetsa malemba ozokotedwa. Ajambule kaŵiri monga amachitira a ku Xi'an: koyamba ataima patali kuti malo onse aoneke, kachiŵiri atagwada molingana ndi mwalawo kuti dzina ndi zaka ziŵerengeke. Pomaliza alembe dzina la malemu, mudzi ndi tsiku lojambula.

Aphunzitsi angathe kuphunzitsa zimenezi pa phunziro la mbiri popanda kugula chida chilichonse, ndipo wotsiriza sukulu amene wazidziŵa adzasungira mudzi wake chuma chimene ana ake adzachifuna. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula manda adekhe chimodzimodzi.