Kusungitsa malo pa intaneti: apindule ndani?

Eni masaluni ndi zipatala zolipira omwe ali ndi webusaiti ya WordPress akutha kuikapo mapulogalamu monga Bookly ndi Amelia. Kasitomala amasankha yekha tsiku ndi ola, ndipo nthawi yomwe yatengedwa imatsekeka kuti anthu awiri asaombane.

Komatu zaulere sizipita patali. Bookly waulere amalola wantchito mmodzi basi, pomwe mauthenga a SMS okumbutsa kasitomala ngolipira. Njira zolipirira zomwe mapulogalamuwa amabwera nazo ndi monga PayPal ndi Stripe, osati Airtel Money kapena Mpamba.

Choncho mwini bizinesi asafulumire kutaya kope lolembamo mayina. Akadalira webusaiti yokha, mayi wa foni ya mabatani azipeza malo onse atatengedwa kale ndi anzake a bandulo.