Loya aitanidwe chala chisanadinde

Malo a kuchigwa cha Shire sali monga anali kale. Munda womwe unkangobala mapira ndi thonje mvula ikakomera anthu, lero ambiri auponyera maso, chifukwa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ikutsika kuchokera ku Kapichira. Ntchito imeneyi, ya Shire Valley Transformation Programme, inayamba kukumbidwa mu 2020 ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi mabungwe ena, ndipo cholinga chake n'kuthirira mahekitala 43,370 kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Bangula m'boma la Nsanje. Pomwe padutsa madzi pamabwera anthu: wina akufuna kugula, wina kubwereka, wina akuti tilime limodzi tigawane phindu. Onsewa amafika ndi pepala m'manja, ndipo pepalalo amakhala atalemberatu mothandizidwa ndi odziwa malamulo a mbali yawo. Mwini munda yekha ndiye amafika pabwalopo chimanjamanja, ndi chala chake chodindira basi. Ine ndikuti nyengo yakwana yoti anthu a kuchigwa azifuna loya wawowawo asanadinde kanthu, osati kudikira kuti mkangano uyambe wabuka kenako n'kumathamanga mbuu kufuna wowaimirira.

Taonani momwe puloti imagulitsidwira pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula. Anthu amakhala pamthunzi wa nimu, dzuwa likuswa mtengo. Mwana wa sukulu amang'amba tsamba pakati pa kope lake, ndipo wodziwa kulemba amalemba kuti uje wagulitsa malo ake kwa uje pa mtengo wakutiwakuti. Malire amawatchula pakamwa, akuloza ndi dzanja: kuchokera pamlambe apo, kudzera pachulu, kukafika kukhwawa. Mboni ziwiri zimasaina, a mfumu amamenya chidindo chawo, wogulitsa amaviika chala mu inki, ndalama zimawerengedwa kawiri, anthu n'kubalalika mitima ili mbee. Pepalalo silinena kukula kwa malowo. Silinena ngati alongo ake a wogulitsayo avomera, kapena ngati malo omwewo sanaperekedwe kale kwa wina amene ali ku Johannesburg ndipo adzabwera pa Khirisimasi ndi pepala lakenso. Chimene chagwira mgwirizano wonse ndi chikumbumtima cha anthu omwe analipo, ndipo anthu amamwalira, amasamuka, ena amasintha mawu akaona kuti malowo akwera mtengo.

Vuto lalikulu n'lakuti pepala lotere likhoza kukhala lopanda mphamvu ngakhale onse osainawo ali oona mtima. Pa lamulo la malo la 1965, malo a m'manja mwa mafumu sanali katundu woti munthu n'kugulitsa ngati ng'ombe, ndipo makhoti akhala akugamula kuti malonda otero ngosavomerezeka. Malamulo atsopano omwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2016, n'kuwakonzanso mu 2022, anabweretsa njira yoti banja kapena munthu alembetse malo ake a makolo n'kulandira chikalata. Anakhazikitsa makomiti a malo pansi pa a gulupu, momwe mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa atatu ayenera kukhala amayi, komanso mabwalo omva madandaulo kuyambira kwa mfumu yaikulu, kukwera paboma, mpaka ku likulu. Zonsezi n'zabwino. Koma zikutanthauzanso kuti nkhani ya malo tsopano ili ndi makhomo ambiri, ndipo wolowera khomo lolakwika amataya ndalama ndi malo omwe. Ntchito ya loya pamenepa si yolankhula Chingerezi chokometsera ayi. N'kufufuza ku ofesi ya za malo ngati pamalopo palibe lizi ya munthu wina, ngati sanapinyolitsidwe kubanki, ngati sali m'malire a msewu kapena a nkhalango yotetezedwa monga Lengwe ndi Mwabvi, ndi kuonetsetsa kuti oyeza malo akhoma zikhomo zawo ndalama zisanatuluke m'thumba. Safunsa anadya phula, ndipo phula la malo limawawa mpaka kwa adzukulu.

Kuchigwa kuli china chimene anthu a kumtunda sachidziwa kwenikweni: nthaka yeniyeniyo imayenda. Madzi osefukira a Januwale 2015 anasintha njira ya mtsinje wa Ruo n'kusiya anthu a ku Makhanga pakati pa madzi. Anabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022 yemwe anagumula damu la Kapichira, kenako Freddy mu 2023. Chaka chilichonse chotere mchenga umakwirira minda, chulu chimaphwasuka, khwawa limene linali malire limakatulukira kwina, ndipo dimba limene linali tsidya lino limapezeka tsidya ilo. Malire olozedwa ndi dzanja sapirira zimenezi. Ndiye pali nkhani yosamutsa anthu kupita kumtunda. Banja likapatsidwa malo m'dera la mfumu ina, kodi malowo ndi ake mpaka kalekale, kapena angobwerekedwa? Eni nthaka akalewo analipidwa, ndipo anasaina kuti alandira? Nanga dimba losiyidwa kumadzi kuja, lomwe ndi limene limadyetsa banja chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, likhala la yani? Mafunso amenewa akapanda kuyankhidwa polemba pa tsiku losamuka, amadzadzuka patapita zaka khumi, mabungwe othandiza atapita kalekale, osamukawo akutchedwa obwera. Mlandu suwola.

Pomwe kufunika kwa loya kukuonekera poyera ndi pa mgwirizano wa alimi ndi makampani. Chigwachi chimaidziwa nzimbe kuyambira m'ma 1960 pomwe kampani ya Lonrho inatsegula esiteti ya Nchalo, yomwe inadzakhala m'manja mwa Illovo mu 1997. Alimi a ku Kasinthula atayamba kulima nzimbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sikimu yawo inasenza ngongole ya ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa mphamvu ngongoleyo inatupa, alimi n'kukhala zaka zambiri akuilipira kuchokera pa thukuta lawo. Ku Phata, komwe alimi anaphatikiza minda yawo n'kupanga kopaletivu mu 2011, zinthu zayenda bwinoko, ndipo njira yophatikiza mindayi ndi imene ikutsatidwa m'dera la ngalande yatsopanoyi. Apa mlimi akupereka chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ali nazo. Munda wake ukusungunuka m'munda waukulu, iye akulandira gawo m'kopaletivu. Ndiye ayenera kudziwa, chala chisanadinde, kuti gawo lakelo likuwerengedwa bwanji, ndani adzalilowe iye akadzamwalira, angatulukemo bwanji akafuna, ndani akusankha mbewu ndi wogula, kampani yoyendetsa munda ikutengapo zingati, ndipo koposa zonse, ngati malowo angaikidwe chikole pa ngongole. Mfundo zotere zimakhala m'kati mwenimweni mwa chikalata cha masamba ambiri, m'Chingerezi chomwe ngakhale mphunzitsi wa kusekondale amachiwerenga kawiri. Alangizi a boma ndi ogwira ntchito za chitukukochi amayesetsa kufotokoza, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu ofunira alimi zabwino. Koma iwo analembedwa kuti ntchito itheke pa nthawi yake. Sanalembedwe kuti auze mlimi kuti ndime yakutiyakuti usaivomere. Wonena mawu amenewo ayenera kukhala munthu amene bwana wake ndi mlimiyo.

Ndikudziwa chomwe ambiri ayankhe: loya ngwa anthu a ndalama. N'zoona kuti mlimi wa kwa Nyachikadza kapena kwa Chapananga sangathe yekha kulipira ofesi ya ku Blantyre. Koma tiwerengere bwino. Kuwerenga chikalata ndi kufufuza umwini wa malo ndi ntchito ya masiku owerengeka, ndipo mtengo wake ungakambidwe isanayambe. Mlandu wa malo ukafika kukhoti lalikulu umatha zaka. Munthu wa ku Nsanje amadzuka usiku, kulipira minibasi yake ndi ya mboni zake, kukwera zitunda za Thabwa, n'kukangomva kuti mlandu wasunthidwa tsiku lina. Mbuzi zimatha m'khola, ng'ombe n'kutsatira, ndipo nthawi yonseyo pamalopo pamakhala chiletso, osalima, osamanga. Wothawa mtengo wa poyamba uja ndi amene amadzalipira wachiwiriwu. Komanso palibe chokakamiza munthu kusenza yekha. Kopaletivu ya mabanja mazana angapo, kapena mudzi wonse umene ukusamutsidwa, ukasonkha pang'onopang'ono monga umasonkhera maliro, ndalama ya loya mmodzi imakwana. Kwa osowa kwenikweni kuli Legal Aid Bureau, yomwe boma linaikhazikitsa kuti ithandize amphawi pa milandu ya upandu ndi ya wamba yomwe, ndipo lamulo loyendetsa ntchito ya maloya limafuna kuti aliyense wa iwo azigwirako ntchito yaulere. Mwayi umenewu anthu a kuchigwa ayenera kuufunsa molimba mtima, popeza ndi wawo.

Ena akuti kuitana loya n'kunyoza mafumu, ndipo mawu amenewa sindingawapeputse. Mipando ya a Lundu, a Tengani, a Ngabu, a Mlolo, a Kasisi ndi ena yasunga nthaka ya chigwachi kwa mibadwo, ndipo palibe loya amene angadziwe mbiri ya munda kuposa nyakwawa ya pamudzipo. Mikangano yambiri ya malire imathera pabwalo la mfumu, ndipo iyenera kupitiriza kuthera pomwepo. Koma mfumu imadziwa yemwe analima pamalopo; siingadziwe zimene zalembedwa m'kaundula wa boma ku Blantyre. Ndipo tinene chilungamo: nthawi zina wofuna malo amayamba wadzera kwa a mfumu, kotero kuti pofika tsiku la msonkhano a mfumuwo amakhala atatsamira kale mbali imodzi. Mfumu yoongoka imapindula loya akakhalapo, chifukwa chidindo chake sichidzakokedwa m'khoti pa nkhani yomwe sinaimvetse. Palinso nkhani ya amayi. Pakati pa Asena malo amatsata kuchimuna, pomwe mwa Amang'anja mwambo wakale umatsata kuchikazi, ndipo m'midzi yambiri miyambo iwiriyi yasakanikirana chifukwa cha maukwati. Bambo akamwalira, mbali iliyonse imatola mwambo woikomera, ndipo wogwa pakati ndi mayi wamasiye ndi ana ake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma chitetezo chenicheni chimayambira pa tsiku lolembetsa malo, pamene wina wodziwa anena kuti dzina la mayi lilembedwe pambali pa la bambo, ndiponso kuti bamboyo alembe wilo akadali moyo.

Dandaulo lomwe lili ndi mano kwambiri ndi lakuti maloya ena ngosakhulupirika. Nkhani za maloya odya ndalama za anthu omwe akuwaimirira zimamveka m'nyuzipepala, ndipo kunja kwa makhoti ndi maofesi a boma kumayendayenda madobadoba ovala jekete, olonjeza kuti atulutsa lizi m'sabata imodzi. Mankhwala ake si kuthawa maloya onse ayi, koma kusankha mosamala. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chimenecho, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mayina a omwe ali nacho. Komweko n'komwe wolakwiridwa angakadandaule. Malipiro agwirizanidwe polemba, ndipo ndalama iliyonse yoperekedwa ikhale ndi lisiti. Chachikulu china: loya amene wabwera m'galimoto ya wogula ndi wa wogulayo, ngakhale atamwetulira chotani. Wogulitsa akamva mawu akuti musavutike, loya wathu alembera tonse, adziwe kuti pabwalopo palibe womuimirira.

Tsono ndikamati loya wawowawo sindikutanthauza kuti akhale wobadwira ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ngakhale zikanakhala bwino ana a kuchigwa omwe aphunzira malamulo akanamatsegula maofesi pa Nchalo kapena pa boma la Nsanje. Maofesi ambiri a maloya ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo zimenezi sizisintha mawa. Ndikutanthauza loya wovomera kutsika chitunda, kuponda mundawo ndi nsapato zake, kuona pomwe madzi a 2023 analekeza pakhoma, kusiyanitsa dimba ndi mphala, kukhala pansi ndi komiti ya malo, ndi kumasulira ndime iliyonse m'Chisena kapena m'Chimang'anja mpaka agogo a kumbuyo kwa bwalo atagwedeza mutu kuti amva. Wolemba chikalata cha malo a ku Makhanga ali pa mpando wa ndalema mu ofesi yozizira sangadziwe kuti gawo lina la malowo limamira madzi akasefukira.

Boma ndi omwe akuthandiza ntchito ya ngalandeyi ali ndi mbali yawo. M'ndondomeko ya ndalama zokumbira, zoyezera ndi zophunzitsira alimi, payenera kukhala kachigawo kolipirira loya woima payekha, wosankhidwa ndi alimi eni ake, yemwe kopaletivu iliyonse izikumana naye isanasaine mgwirizano ndi kampani kapena banki. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje angathenso kugwirizana ndi Legal Aid Bureau ndi Malawi Law Society kuti pakhale tsiku lodziwika mwezi uliwonse, pa Ngabu, pa Bangula ndi ku East Bank, pomwe munthu angabwere ndi pepala lake la m'kope lija, lopindidwa kanayi m'jumbo ya shuga, n'kufunsa ngati lili ndi mphamvu asanaumbe njerwa.