Siliva wa Spain anathera kuti?

Anzanga pa WhatsApp akamati migodi ya Kasiya ndi Kangankunde ikangoyamba basi umphawi watha, ine ndimakumbukira Spain.

Mu 1545 Aspanishi anapeza phiri la siliva ku Potosí, komwe lero ndi Bolivia. Eni nthaka ankakumba mokakamizidwa, ndipo zombo zinkatula chumacho ku Seville chaka ndi chaka. Komatu Mfumu Philip II inalephera kubweza ngongole kangapo konse, monga mu 1557, 1575 ndi 1596.

Zinatheka bwanji? Mfumuyi inkakongola kwa banja la Fugger la ku Germany komanso kwa amabanki a ku Genoa, chikole chake n'kukhala siliva amene sanafike n'komwe. Kunali kugulitsa chimanga chikadali m'munda. Ndalamazo zinkathera pa nkhondo, monga ya ku Netherlands imene inayamba mu 1568 n'kudzatha mu 1648, komanso zombo zomwe zinalephera kugonjetsa England mu 1588.

Kumudzi nako zinthu sizinali bwino. Mitengo inakwera, ubweya wa nkhosa unkapita kunja wosakonza, anthu n'kumagula nsalu zochokera kunjako. Misonkho inkapana alimi a ku Castile, pomwe a m'mabanja apamwamba ina sankalipira. Kuyambira mu 1609, Philip III anathamangitsa Amorisco pafupifupi 300,000, zidzukulu za Asilamu, ambiri mwa iwo alimi aluso. Boma litasowa pogwira, linayamba kusula ndalama zamkuwa zambirimbiri, zomwe zinkatha mphamvu zili m'thumba.

Mu 1640 Portugal ndi Catalonia zinagalukira mfumu. Pomwe Charles II ankamwalira wopanda mwana mu 1700, mayiko ena ndi amene ankalimbirana mpando wake.

Sindikuti Malawi ndi Spain ayi. Ife sitilamulira mayiko ena, ndipo sitili pa nkhondo. Koma matendawa tikuwadziwa: ngongole, kugulitsa zinthu zosakonza, kugula pafupifupi chilichonse kunja, kenako n'kumadandaula kuti forex kulibe.

Ndiye nduna ikamalankhula za migodi, tisathamangire kuwomba m'manja. Tifunse: mgwirizanowo uli kuti tiuwerenge? Boma lipeza zingati? Nanga ndalamazo sanazikongolere kale? Spain anali ndi phiri lathunthu la siliva, koma amene anakhuta ndi omwe ankamukongoza.