Matuza awiri a ku Likoma ndi Chizumulu

Nditalemba pagulu lathu la WhatsApp kuti tchuthi changa ndikathera kuzungulira Chizumulu ndi Likoma wapansi, mnzanga wina anayankha kuti, "Ase, ndalama zonsezo ukagule matuza?" Sananame. Ndinabwerako ndi awiri kuphazi lamanzere, ndipo mpaka pano nsapato ndikuvala mwaulemu.

Ndinakwera Ilala ku Nkhata Bay madzulo. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, ndipo imanyamula chilichonse: matumba a chimanga, malata, njinga, nkhuku, kenako ife. Ku Chizumulu tinafika kuli mdima, tinatsikira m'boti laling'ono, chikwama pamutu, madzi m'mawondo.

Chizumulu sichichedwa kutha. Ukanyamuka m'mawa, dzuwa lisanapendeke wabwerera pomwe unayambira. Kanjira kamadutsa m'minda ya chinangwa, kukhota pa milambe ikuluikulu, kutsikira pamchenga, kukweranso pamiyala. Galimoto sindinaione ngakhale imodzi. Chomwe ndimamva ndi mafunde, mbuzi, ndi ana ofuula moni patali.

Kuwolokera ku Likoma kunali kwina. Mwera unali utayamba, boti likudumpha ngati mwana wa ng'ombe, ine nditagwira foni yokulunga m'jumbo ngati ndiyo ingandipulumutse. Titayandikira, mapiri a Mozambique anaoneka pafupi zedi. Paja zilumba ziwirizi ndi za Malawi koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique, ndipo zinakhala mbali yathu chifukwa cha amishoni a Anglican a UMCA omwe anakhazikika kumeneko m'ma 1880. Tchalitchi chawo cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, chilipobe pa Chipyela, malo omwe kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ndinakhala m'menemo ola lathunthu. Kupemphera ndinapempherako, koma zoona zake n'zakuti mumazizira bwino.

Likoma ndi masikweya kilomita 18 okha, koma musanamizidwe ndi nambalayo. Ukamatsata gombe, phiri lililonse limabisa gombe lina, ndipo miyala yake siisekerera phazi la munthu wozolowera minibasi ndi kabaza. Ndinatenga masiku awiri, tsiku loyamba kumwera cha ku Nkhwazi, lachiwiri kumpoto cha ku Makulawe.

Tsiku lachiwirilo ndi lomwe landilembetsa nkhaniyi. Ndinafika pagombe lina pomwe usipa unali mbuu pamathandala, kuwala ngati siliva. Osaganiza n'komwe, foni m'manja, kwatha kujambula. Mayi wina wachikulire amene amatembenuza nsombazo anaweramuka n'kundiyang'ana.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Manyazi ake! Kwathu ndinaphunzitsidwa kuti moni amayamba ndi wobwera, koma pano ndinayamba ndi kamera. Ndinapepesa, n'kukhala pansi. Anandifunsa kumene ndikupita. Ndinati ndikungoyenda.

"Kungoyenda? Simukufuna munthu? Simugula nsomba?"

"Ayi amayi, ndikungoona malo."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anati iwo njira yomweyo amaiyenda ndi dengu pamutu kapena wodwala kumsana, ndiye sanamvepo munthu wakuda akuilipirira thiransipoti kuti adzaiyende dala. Kenako anandifotokozera zomwe chithunzi changa sichikanaonetsa. Chimanga, shuga ndi sopo zimabwera pamadzi. Nkhuni zambiri zimachokera kutsidya, ku Mozambique. Sitima ikapita kokakonzedwa kapena mwera ukakula, mitengo ya zinthu imakwera, usipa wouma umangokhala m'matumba kudikira, ndipo wodwala wotumizidwa kuchipatala chachikulu kumtunda amadikira nawo limodzi.

Bata lomwe ine ndimalitamanda pa status kuti "kuno ndiye kumoyo", kwa iwo nthawi zina ndi chizindikiro choti palibe chomwe chafika sabata imeneyo. Zinandikhala pamtima ulendo wonse wotsalawo. Sindikunena kuti tisamapiteko, ayi ndithu. Ndalama yomwe ndinasiya pa malo ogona, pa nsima ya kondowole ndi kwa mnyamata wa boti inalowa m'matumba a eni chilumba, ndipo ndikanakonda achinyamata ambiri a ku Lilongwe ndi Blantyre akanaona Likoma asanayambe kulota za Zanzibar. Koma woyenda wapansi amadutsa pakhomo pa anthu, pomwe akutsuka mbale ndi kusoka maukonde. Zimenezo si za pa status.

Chithunzi chija ndinawaonetsa. Anati ndifufute chifukwa chitenje chinali chakuntchito, ndijambule china atamanga bwino duku. Ndinatero. Usipa ndinagulanso, chidebe chimodzi, iwo n'kuwonjezera kadzanja ka pulayizi. Chikwama changa chikununkhabe nsomba, ndipo mnzanga wa matuza uja wadya kale theka lake.