Nyale ya pakhonde iunikire pansi, isathobwe m'maso

Magetsi si achilendo m'boma la Rumphi. Dr Robert Laws atakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, madzi a mtsinje wa Manchewe anayamba kupukusa makina a magetsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, madera ambiri a dziko lino akadali mumdima. Lero mababu a LED ndi nyale za sola zikupezeka m'mashopu pa Rumphi boma ngakhalenso pa Bolero. Chomwe chikusowa ndi nzeru yosankhira. Ambiri akamaliza nyumba amapachika chinyale chimodzi choyera mbee pamwamba pa khoma, poganiza kuti kuwala kukachuluka ndiye kuti pakhomo pakongola ndipo patetezeka. Maganizo amenewa ndi olakwika. Khonde ndi bwalo zimafuna nyale zing'onozing'ono zingapo, zowala mofiirira, zoyang'ana pansi pomwe phazi likuponda.

Asodzi a ku Mlowe ndi ku Chiweta amadziwa kuti kuwala kumaitana zamoyo, n'chifukwa chake amayatsa nyale panyanja usiku kuti usipa usonkhane. Pamtunda zimachitikanso chimodzimodzi. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi ndi tizilombo tina touluka timaunjikana pa babu, makamaka loyera kwambiri. Tizilombo tikagwa pansi achule amabwera kudzadya, ndipo komwe kwachuluka achule njoka sizichedwa. Walira mvula walira matope. Pa katoni ya babu pamalembedwa nambala yothera ndi K: la 2700K kapena 3000K limawala mofiirira ndipo limakopa tizilombo tochepa poyerekeza ndi la 6500K. Banja lomwe limadyera nsima pakhonde madzulo liyenera kuwerenga nambala imeneyi lisanatulutse ndalama.

Ena anganene kuti mbava zimaopa kuwala, makamaka nyengo ya fodya pamene zigafa zadzaza ndipo ndalama zili m'nyumba. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma chinyale chothobwa m'maso sichiithetsa. Diso likazolowera kuwala kwambiri limalephera kuona pamdima, choncho kuseri kwa mtengo wa mango, kukhola ndi kunkhokwe kumakhala bii kuposa kale, ndipo wakuba amabisala komweko uku akuona mwini nyumba bwinobwino. Nyale yoyaka yokha munthu akadutsa ndiyo imathandiza, chifukwa imadzidzimutsa wobwera mozemba, imachenjeza a m'nyumba, komanso sidya mayunitsi usiku wonse.

Enanso amadandaula kuti nyale za sola sizikhalitsa. N'zoona kuti zotchipa zambiri zimafa msanga, koma yankho si kudalira magetsi a ESCOM okha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunafika mpaka kumpoto kuno. Chofunika ndi kugula mwanzeru. Sankhani nyale yomwe batire lake limatheka kusintha, yolembedwa IP65 kusonyeza kuti fumbi ndi mvula sizilowa, ndipo panelo yake muiike poyera, kutali ndi mthunzi wa mitengo. M'mapiri a Phoka ndi m'mphepete mwa Nyika, komwe nkhungu imaphimba dzuwa m'miyezi yozizira, pamafunika panelo yokulirapo kuposa ya ku chigwa cha Henga.

Nyale ya panja imakhudzanso anansi, chifukwa chinyale choloza pawindo la mnzako chimamulanda tulo. Choncho musanagule, yendani pabwalo panu kukada, muone masitepe, njira ya kuchimbudzi ndi ya kukhitchini, pomwe mwana kapena agogo angapunthwe. Unikirani malo amenewo, kwinako musiyire mwezi ndi nyenyezi.