Nsambo zokoma zikagonera

Mwa zida zonse zoimbira zimene zidalowa m'nyumba zathu zopemphereramo, palibe chimene chimakhetsa thukuta popanda wochiyamikira ngati gitala ya besi. Pakuti ngakhale ndiyo imasenza nyimbo monga mzati usenzera denga, anthu amaikumbukira tsiku lokhalo limene yakhala chete, ndipo mwini wake, woima kumbuyo pafupi ndi wang'oma, amakumbukira nsambo zake pokhapokha imodzi ikaduka. Ine ndaima kumbuyo kumeneko zaka zambiri, ndipo popeza Lamulungu lapitali mnyamata wina wa m'kwaya yathu anasisita gitala yanga nazizwa kuti nsambo zake n'zoterera ngati msana wa mlamba, ndati ndimuyankhe pano mofatsa funso limene ndinaliyankha mwachidule pakhonde la tchalitchi.

Nsambo ya besi ndi waya wam'kati wokulungidwa ndi waya wina pamwamba. Wapamwambayo akakhala wobulungira, nsambo imatuluka yokhakhala, ya timizere ngati munda wogalauza, ndipo liwu lake limakhala lowala ndi lolira nthawi yaitali. Koma akakhala wophwatalala ngati luzi, nakulungidwa mothithikana ndi kupukutidwa, imatuluka yosalala, imene amalonda amaitcha flatwound, ndipo liwu lake limagunda pansi n'kuzilala msanga. Aliyense amene adaonapo mkulu wa gule akumata phula pakati pa ng'oma, kuti ileke kulira mopyapyala iyambe kugunda m'chifuwa cha womvera, wadziwa kale kusiyana kwake.

Achinyamata amayesa kuti zosalalazi n'zachilendo, chonsecho ndizo zoyamba kubadwa. Pamene Leo Fender adatulutsa gitala yake ya Precision Bass ku California m'chaka cha 1951, cholinga chake chidali kulowa m'malo mwa chibesi chachikulu choimirira, ndipo nsambo zake zidali zosalala. Zokhakhala zidatchuka pambuyo pa 1966, pamene kampani ya Rotosound ya ku England idapanga nsambo zake za Swing Bass mothandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who, amene ankafuna besi yolira mowala ngati piyano. Koma ku Detroit, James Jamerson, amene chala chake chimodzi chidasenza nyimbo zosawerengeka za kampani ya Motown, adakangamira nsambo zosalala za La Bella, zonenepa kwambiri, za 52 mpaka 110, osazisintha pokhapokha zitaduka.

Dzina la Jamerson limeneli ndilo lidandigwetsa m'mbuna. Nditamva mbiri yake, ndidatuma mbale wanga wokhala ku Johannesburg kuti andigulire nsambo zomwezo, ndi manambala omwewo, poganiza kuti wovala nsapato za mfumu ayendanso ngati mfumu. Ndidazimanga Loweruka madzulo, mtima uli m'mwamba. Kutacha, taonani, khosi la gitala lapindika ngati uta, nsambo zatalikirana ndi tizitsulo ta pakhosi kotero kuti pensulo ikanatha kudutsa pansi pake, ndipo pofika nyimbo yachitatu ya mapemphero zala zanga zinali zitatuluka matuza, dzanja lamanzere litachita dzanzi mpaka m'chigongono. Mmisiri amene ndidamutengera gitalayo Lolemba sadandinyoze, adangopotokola pang'onopang'ono ndodo yachitsulo ya m'kati mwa khosi, imene iwo amati truss rod, nakuza ndi tupa timipata ta kumutu modutsa nsambo, kenaka nandifunsa mwaulemu ngati ndidafunsako munthu ndisanagule. Safunsa adadya phula.

Chimene sindinkachidziwa ndi ichi. Manambala olembedwa paphukusi amanena kunenepa kwa nsambo, poyesa inchi imodzi yogawidwa magawo 1,000, kotero kuti 45 ndi nsambo yaing'ono ya G ndipo 105 ndi yaikulu ya E. Koma sanena mphamvu imene nsamboyo idzakoke nayo khosi, kapena kuuma kumene chala chidzakumane nako. Popeza waya wophwatalala sasiya mipata, nsambo yosalala imakhala ndi chitsulo chochuluka kuposa yokhakhala ya nambala yomweyo, ndipo chitsulo chikachuluka chimafuna kukungidwa kolimba kuti chifike pa liwu loyenera. Chotero munthu wozolowera 45 mpaka 105 zokhakhala achita mwanzeru kutsika pang'ono, monga pa 43 mpaka 104 za La Bella, kapena 40 mpaka 100 za kampani ina, m'malo mokwera kumene ndidakwera ine. Ndiponso kapangidwe ka m'kati kali ndi mawu ake: nsambo za Thomastik-Infeld za ku Vienna, za 43, 56, 70 ndi 100, zili ndi waya wam'kati wobulungira ndi ulusi wa silika pakati, ndipo n'zofewa kwambiri mwakuti wa dzanja lolemera amaziombetsa pa tizitsulo, pamene wa dzanja lopepuka amaziyesa mphatso yochokera kumwamba. Za D'Addario zotchedwa Chromes zimayamba zili zowala ndithu, n'kudzafatsa pakapita miyezi.

Wotuma munthu kunja ayezenso utali wa gitala yake, chifukwa zambiri ndi za mainchi 34 koma zilipo zazifupi za mainchi 30, ndipo nsambo yosalala ikatalika mwakuti chigawo chake chonenepa n'kuzungulira pa kiyi wokungira, kapena ikapindidwa molimba podutsa m'thupi la gitala, luzi lija limatha kumasuka nsambo n'kuwonongeka isanaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe.

Tsono n'chifukwa ninji ndimazikondabe, zitandichitira zotere? Chifukwa kuno nsambo za besi si chinthu chogula mwezi ndi mwezi. Ndaona anzanga akuwiritsa zokhakhala zawo m'poto ngati mbatata, kuti litsiro ndi thukuta lobisala m'timizere lichoke, nsambozo n'kuwala sabata ziwiri n'kufanso. Indetu ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Zosalala zilibe pobisala litsiro, sizidya msanga tizitsulo ta pakhosi, sizilira tswii chala chikamatsetsereka, ndipo zimanka zikoma pamene zikukalamba, monga mawu a akulu amene amakoma akagonera. Mtengo wake umaluma tsiku logula, koma zanga, zimene ndidaika nditachira matuza aja, zatha zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chimene ndimazichitira n'kuzipukuta ndi kansalu tikatha kuimba.

Sindinganame kuti n'zoyenera aliyense. Mnyamata wokonda kumenya nsambo ndi chala chachikulu n'kuikoka kuti ithetheke, monga achitira ambiri m'nyimbo zauzimu za makono, adzaziona ngati zogontha, pokhapokha atachita ngati Steve Harris wa gulu la Iron Maiden, amene amaimba ndi zosalala za Rotosound koma n'kumazisintha kawirikawiri zisanataye kuwala, umene uli mwambo wa anthu a thumba lakuya. Nditamufotokozera pang'ono zimenezi mnyamata wa m'kwaya uja, anapempha kuti ayeseko; anaimba mizere iwiri, nakweza amplifaya, nagwedeza mutu kuti sakudzimva. Koma mayi wina amene ankasesa kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, pafupi ndi chitseko, anaimika tsache nafunsa ngati tagula ng'oma yatsopano.